Mnzanga akumangitsa kompyuta ya situdiyo: SSD yaikulu yokha, kapena aikemonso hard disk?

Chinziri (Zomba) analemba:

Moni nonse abale anga. Funso ndabwera naloli ndi la mnzanga amene tinakulira limodzi ku Chinamwali, ndipo ndikufuna ndimuyankhe zolondola chifukwa ndalamazi wazisonkhanitsa movutikira.

Mnzangayu amajambula maukwati ndi zinkhoswe, zithunzi ndi vidiyo zomwe. Kwa zaka zinayi wakhala akugwirira ntchito pa laputopu imodzi yokhala ndi hard disk ya 500GB, ndipo yatopa. Lamlungu lapitali ndinakhala naye m'kachipinda kake ka situdiyo. Anatsegula vidiyo ya ukwati wa dzulo lake, tinadikira mpaka tiyi kuzizira m'kapu, ndipo atafuna kudula pamene mkwatibwi amalowa m'tchalitchi, chithunzi chinkangodumphadumpha ngati mwana wa mbuzi. Patebulo pake pali ma hard disk akunja atatu. Ina chingwe chake anachimanga ndi selotepi, ina analembapo ndi maka kuti "2023 mpaka Epulo", ndipo yachitatu akailumikiza imayamba yalira tiki tiki isanaoneke pa kompyuta.

Tsopano akufuna kompyuta ya patebulo. Purosesa, RAM ya 32GB ndi graphics card anagwirizana kale ndi amene akumumangira. Chatsala ndi mosungira mafayilo. Motherboard yake ili ndi mipata iwiri ya M.2 yolowetsamo SSD ndi malo anayi a SATA olumikizirapo ma disiki ndi chingwe. Wogulitsa akumuuza kuti hard disk ndi zachikale, angotenga SSD ya mtundu wa NVMe ya 2TB yothamanga kwambiri, nkhani ithere pomwepo. Ndalama yomweyo ikhoza kugula NVMe ya 1TB ndi hard disk ya 4TB, n'kutsalako pang'ono.

Ine mtima ukukana za 2TB yokhayo, chifukwa ndimaona mmene makhadi ake amadzadzira. Kamera yake imajambula 4K pa 100 Mbps, zithunzi amajambula RAW, zija zosakonzedwa zimene zimadya malo ambiri. Ndiponso anthu amabwera patatha chaka kudzafunsa kuti, "Zithunzi zathu zija zilipobe? Fulashi munatipatsa ija inasowa." Iye safufuta chilichonse. Amene mumagwira ntchito zoterezi, mukanakhala inu mukanatani?

Kadzidzi (Limbe) anayankha:

Achimwene, mtima wanu ukukana zoona. Ine ndimakonza makompyuta, ndipo ndisanalankhule za maina a zinthu tiyeni tiwerengetse kaye, chifukwa manambala munaperekawo akuyankha okha.

100 Mbps ndi mamegabiti, osati mamegabaiti. Mukagawa ndi 8 mupeza 12.5MB pa sekondi, ndiye kuti ola limodzi la vidiyo limadya 45GB. Ukwati wa kwathu kuno sutha msanga: kukonzekera kwa mkwatibwi m'mawa, kutchalitchi, kojambulitsa zithunzi ku Botanical Gardens, kenako kuholo komwe perekaniperekani yekha amatenga maola. Tinene kuti wajambula maola asanu, imeneyo ndi 225GB. Chithunzi cha RAW cha kamera ya 24 megapixel chimakhala cha m'ma 25MB, akajambula 1,000 ndi 25GB ina. Ukwati umodzi ndi 250GB, tisanawerengere vidiyo yomaliza imene amapereka kwa eni ake. SSD ya 2TB mu Windows imaoneka ngati 1,863GB. Chotsanipo Windows ndi mapulogalamu, maukwati asanu ndi umodzi kapena asanu ndi awiri yadzadza. Nyengo ya maukwati ikafika, imeneyo ndi miyezi iwiri yokha, kenako abwereranso ku ma hard disk a selotepi aja.

Wogulitsayo sananame kuti SSD imathamanga. Hard disk ili ndi mbale zozungulira m'kati, zina 5,400 pa mphindi zina 7,200, ndi kamutu kamene kamayenda uku ndi uku kufunafuna pamene fayilo ili. Ikamawerenga fayilo imodzi yaikulu imakwanitsa 150 mpaka 200MB pa sekondi, koma Windows ndi pulogalamu yokonzera vidiyo zikamaifunsa tinthu tambirimbiri nthawi imodzi, kamutu kaja kamasowa kolowera. Kudumphadumpha munakuona kuja mbali ina kumachokera pamenepo. SSD ilibe choyenda m'kati. Ya SATA imafika 550MB pa sekondi, NVMe ya PCIe 3.0 imafika 3,500, ya 4.0 imafika 7,000.

Chimene sanamuuze ndi chakuti kusintha kumene munthu amakumva m'manja ndi kochoka pa hard disk kupita pa SSD. Kuchoka pa 3,500 kupita pa 7,000 mnzanuyo sadzakuzindikira. Vidiyo yake ikufuna 12.5MB pa sekondi. Ngakhale aike makamera anayi nthawi imodzi, ndi 50MB basi. Ndiponso akamakopera kuchokera pa khadi la kamera, ngati ndi la UHS-I, khadilo ndi limene limachedwetsa chifukwa nthawi zambiri silipitirira 100MB pa sekondi. Ndalama yolipira liwiro losaligwiritsa ntchito ndi bwino igule malo.

Ndiye ine ndikanatenga NVMe ya 1TB. Pamenepo pakhale Windows, mapulogalamu, cache (mafayilo akanthawi amene mapulogalamu amalemba akamagwira ntchito), ndi maukwati awiri amene akuwakonza sabata imeneyo. Akamaliza n'kupereka, asamutsire ku hard disk ya 4TB. Kumbukirani kuti SSD siikonda kudzadza mpaka pakamwa, muziisiyira malo pang'ono, gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kuposerapo.

Posankha SSD funsani ngati memori ya m'kati mwake ndi ya mtundu wa TLC kapena QLC. Zotchipa zambiri ndi QLC. Zimayamba ndi liwiro labwino chifukwa zili ndi kagawo kolandirira msanga, koma mukazithira 200GB kamodzin'kamodzi kagawoko kamadzadza ndipo zimayamba kukwawa, zina mpaka kuchedwa kuposa hard disk. Munthu wa mu ofesi sangazione zimenezi, wa vidiyo amaziona Loweruka lililonse usiku. Samsung 970 EVO Plus ndi WD Black SN770 ndi za TLC, ndipo n'zokwanira ntchito imeneyi. Za kutha kwa SSD asade nazo nkhawa. 970 EVO Plus ya 1TB analemba kuti imapirira 600TB zolembedwa, pamene iye akamathira 250GB sabata iliyonse ndi 13TB pa chaka. Ngakhale muchulukitse katatu chifukwa cha cache, kompyutayo idzakalamba SSD isanathe.

Pa hard disk pali chinthu china chimene sichilembedwa pabokosi nthawi zambiri: CMR ndi SMR. Mu CMR mizere yolembapo imakhala payokhapayokha, koma mu SMR amaisanjikiza ngati udzu wofolera nyumba, wina pamwamba pa unzake, kuti pakwane zambiri. Mukafuna kusintha mzere wa pansi, muyenera kuvundukula ya pamwamba n'kufoleranso. Yongosungira zinthu zomalizidwa imagwira ntchito, koma ikamalembedwa ndi kufufutidwa pafupipafupi imachedwa koopsa. Ma BarraCuda ambiri a 2TB ndi 4TB ndi SMR. WD Red Plus ndi Seagate IronWolf ndi CMR. Mtengo ukakhala wosasiyana kwambiri tengani CMR. Lembani nambala ya modelo imene ili pa sitika, mukaione pa webusaiti ya kampaniyo musanapereke ndalama.

Chomaliza, tsegulani kabuku ka motherboard. Pa ma motherboard ena mukaika chinthu mu mpata wachiwiri wa M.2, malo ena a SATA amasiya kugwira ntchito. Anthu amabwera nazo kwa ine akuti hard disk yafa, chonsecho chingwe chili pa malo amene azimitsidwa.

Mpheta (Area 25, Lilongwe) anayankha:

A Kadzidzi afotokoza bwino ndipo manambala awo ndikugwirizana nawo, koma pali pamene ndikusiyana nawo. Mwanena kuti akamaliza ntchito asamutsire ku 4TB. Ndiye kuti ukwati wa anthu uli pa malo amodzi okha. Ine pamenepo ndi pamene ndinapsa.

Ndimajambula zithunzi, vidiyo ayi. Zaka zitatu zapitazo ndinali ndi hard disk yakunja ya 2TB imene ndinkasungamo zonse. Tsiku lina ikukopera, mwana wa mchemwali wanga anadutsa akuthamanga, phazi linakola chingwe, inagwa kuchokera patebulo mpaka pa simenti. Sinasweke, kunja kunalibe ngakhale kachipsera. Nditailumikizanso inangolira tiki tiki, osaonekanso. Munali chinkhoswe ndi ukwati wa banja limodzi zimene ndinali ndisanapereke, ndipo makhadi ndinali nditafomata kale Lachinayi kuti ndikajambulire ntchito ina. Amene ndinawapititsira anandiuza kuti kamutu kaja kakanda mbale, ndipo kutsegula hard disk kumafuna chipinda chopanda fumbi ndi zipangizo zapadera, mtengo wake kuposa ndalama imene ndinalandira pa ukwatiwo kangapo.

Ndinapita ndekha kunyumba kwa mayi a mkwatibwi. Anandiyalira mkeka, anandipatsa madzi, ine n'kugwada kunena. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ngakhale chimodzi chimene ali ndi agogo ake?" Agogowo anali atamwalira patangotha milungu itatu ukwati utachitika. Ndalama ndinabweza, koma chithunzicho panalibe kochitenga.

Ndiye achimwene a ku Zomba, muwauze anzanuwo kuti pa ndalama imene ali nayo, hard disk yachiwiri ibwere patsogolo pa SSD yapamwamba. Ngati sizikukwana, bola SSD ya 500GB koma ma hard disk akhale awiri, ina m'kati ina yakunja. Lamulo langa lero ndi lakuti khadi silifomatidwa mpaka zinthu zili malo awiri ndipo ndatsegula mafayilo angapo kuona kuti akutsegukadi. Yakunjayo ndikamaliza kukopera ndimaizula, ndimakaisiya kwa mayi anga ku Kawale, chifukwa akuba akalowa mu situdiyo amanyamula zonse zili patebulo. Zithunzi zomalizidwa za JPEG ndimaziponyanso pa Google Drive usiku bandulo ikakhala yotchipa. 15GB yaulere ija siingatenge RAW kapena vidiyo, koma zithunzi zosankhidwa za maukwati angapo zimakwana.

Musaganizenso kuti SSD siifa. Hard disk nthawi zina imachenjeza, imalira, imachedwa. SSD imatha kungogona osadzukanso, ndipo chimene mwafufuta pa SSD n'kovuta kuchibweza chifukwa imasesa yokha malo amene mwafufutawo. Ndipo ija ikulira tiki tiki patebulo la anzanuwo, musadikire kompyuta yatsopano. Koperani zili mmenemo lero, kuyambira zofunika kwambiri.

Chinziri (Zomba) analemba:

Zikomo a Kadzidzi, zikomo achemwali. Nkhani yanu ndamuwerengera mnzanga pa foni, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati madzulo ano ayamba kukopera ya tiki tiki ija.

Wandipatsa mafunso awiri. Amene akumumangira kompyuta wanena kuti akhoza kuika ma hard disk awiri m'kati pa RAID 1 kuti zonse zizilembedwa kawiri zokha, iye asamavutike kukumbukira. Kodi zimenezo sizikuthetsa vuto lanena a Mpheta? Lachiwiri, mkulu wake ali ku Johannesburg ndipo akubwera mwezi wamawa pa basi. Mkuluyo waona pa Facebook munthu akugulitsa SSD yakunja ya 4TB pa mtengo wotsika kuposa wa 1TB wa m'sitolo. Akuti atigulire ziwiri?

Wa ku Joni anayankha:

Ayi achimwene, asagule zimenezo. Ine ndili konkuno ndipo ndazionapo zitatsegulidwa. Kunja kabokosi kokongola kachitsulo, m'kati muli kakhadi kakang'ono ka memori kokamatidwa ndi guluu. Amakachenjeretsa kuti kazinamiza kompyuta kuti ndi 4TB. Mukathira mafayilo, maina onse amaoneka bwinobwino mu foda, koma malo enieni akadzadza zotsalazo sizisungidwa. Mumadzazindikira tsiku lotsegula vidiyo ya munthu. SSD ya 4TB siingatchipe kuposa ya 1TB, kulibe.

Mkuluyo alowe m'sitolo yeniyeni ya makompyuta, apatsidwe lisiti, bokosi likhale lomata. Zikafika ku Zomba musathamangire kuthiramo ntchito. Pali pulogalamu yaulere ya H2testw, imadzadza disiki yonse n'kuwerenganso kuona ngati malo alipodi. Pa 4TB imatenga usiku wonse ndi kupitirira, ilekeni igwire. Ina ndi CrystalDiskInfo, imaonetsa thanzi la disiki ndi maola amene yakhala ikuyaka. Yatsopano iyenera kuonetsa maola ochepa kwambiri. Mukaona masauzande, akugulitsani ya kaunjika. Achinyengo ena amadziwa kubweza maolawo pa ziro, n'chifukwa chake lisiti la sitolo yodziwika ndi lofunikabe.

Koma musakakangane ndi wogulitsa mukaona 1TB ikuonetsa 931GB. Kumeneko si kuba. Opanga amawerenga 1,000 pamene Windows imawerenga 1,024. Ya 4TB idzaonetsa 3.63TB.

Za ulendo: SSD ya M.2 ndi kanthu kochepa ngati chingamu, 22mm m'lifupi ndi 80mm m'litali, kakhoza kuyenda m'thumba la malaya osavulala. Hard disk ndi imene imaopa kugwedezeka. Msewu wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza ndi wautali, ndipo katundu wa pansi pa basi amatsitsidwa ndi kukwezedwa pa malire. Aikulunge ndi zovala, ikhale m'chikwama chimene ali nacho pampando. Ganiziraninso za waranti. Ikafa patatha miyezi itatu, kuibweza kuno ndi ulendo wina. Mwina SSD igulidwe kuno, hard disk mugule ku Blantyre komwe mukhoza kubwerera nayo pa minibasi.

Kadzidzi (Limbe) anayankha:

Achemwali a ku Area 25 anena chimene ndinachisiya, ndipo akunena zoona. Pepani ndi zimene zinakuchitikirani. Pa SSD ya 500GB pokha ndikanapempha kuti ayesetse 1TB, chifukwa ukwati umodzi wa 250GB pamodzi ndi Windows ndi cache ndiye kuti 500GB yatsala pang'ono kudzadza. Bola atsike pa mtundu, atenge ya PCIe 3.0, kusiyana ndi kutsika pa kukula.

Za RAID 1, imateteza ku chinthu chimodzi chokha: disiki imodzi ikafa, inayo imapitiriza. Koma chilichonse chochitika pa yoyamba chimachitikanso pa yachiwiri nthawi yomweyo. Akafufuta foda molakwitsa, yafufutika konse. Vairasi yotseka mafayilo ikalowa kudzera pa fulashi ya kasitomala, yatseka konse. Mphezi ikalowa pa waya wa magetsi, onse awiri ali m'bokosi limodzi pa power supply imodzi. Wakuba sanyamula theka la kompyuta. Ndalama ya disiki yachiwiriyo igule yakunja imene imazulidwa n'kukagona nyumba ina, monga anenera achemwali. Kuti asamavutike kukumbukira zimene wakopera kale, aike FreeFileSync, ndi yaulere. Imafananiza mafoda awiri n'kukopera zatsopano zokha.

China chimene sitinachitchule ndi magetsi. Laputopu ija inkamuteteza osadziwa, chifukwa magetsi akathima batire inkapitiriza. Kompyuta ya patebulo imangozima pomwepo, ndipo ikazima ili m'kati molemba, fayilo imawonongeka, nthawi zina Windows yomwe osadzukanso. Ndi mmene magetsi amathimirathimira kwathu kuno, UPS, bokosi la batire losunga magetsi, muiwerengere ngati chiwalo cha kompyutayo. Siyogwirira ntchito magetsi akapita, ndi yokupatsani mphindi zochepa kuti musunge ntchito n'kuzimitsa bwino. Pogula musangoona VA, onani ma watt, chifukwa ya 1,000VA nthawi zambiri imanyamula ma watt 600 okha, ndipo kompyuta yokhala ndi graphics card ikamatulutsa vidiyo imakoka kwambiri. Tengani yokhala ndi AVR kuti izikonza magetsi akabwera ofooka. Nthawi ya dzinja kukamagunda, zulani pulagi kukhoma, musadalire UPS yokha.

Tsiku loika Windows, hard disk ikhale yosalumikiza, muli SSD yokha. Mukasiya zonse zili zolumikiza, nthawi zina tizigawo toyatsira kompyuta timakakhala pa hard disk, ndiye tsiku lodzaichotsa kompyuta imakana kuyaka. Muike Windows 11, popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ngati mpata wa M.2 uli ndi kachitsulo koziziritsa, pansi pake pali kapulasitiki kopyapyala, kamatuleni musanamange. Ndachotsapo tambiri m'makompyuta amene eni ake amadandaula kuti SSD ikutentha.

Chinziri (Zomba) analemba:

Ndabwera kudzakuuzani mmene zathera. Ya tiki tiki ija tinakopera masiku awiri, mafoda onse anatuluka kupatula mavidiyo atatu a chinkhoswe china amene anakana, mwamwayi eni ake anali atalandira kale zawo. Mkulu wake tamuletsa za pa Facebook zija, abweretsa NVMe ya 1TB ya TLC yochokera m'sitolo, lisiti lili m'bokosi. Hard disk ya 4TB ya CMR tikagula ku Blantyre Lachisanu pamodzi ndi UPS. Ndalama ya yakunja yatsopano sinakwane, ndiye pakali pano kope lachiwiri lizikhala pa iwiri yakale imene CrystalDiskInfo yaonetsa kuti ili bwino, chingwe cha selotepi chija tasintha. Akalandira za maukwati awiri a mwezi uno agula ya 4TB yakunja. Yogona kunja izikhala kwathu ku Matawale, azibwera nayo Lolemba lililonse akamaliza kukopera.

A Kadzidzi, kabuku ka motherboard tatsegula. Akuti mpata wachiwiri wa M.2 ukagwiritsidwa ntchito, malo awiri a SATA amazima. Hard disk tiika pa malo oyamba.